Zipangizo zopimira ndi kuwala zikusintha ntchito yofufuta zidindo za pathupi

Akatswiri a sayansi m'maiko a ku Ulaya ndi America akhala akupanga zipangizo zomwe zimagwiritsa ntchito kuwala popima khungu la munthu yemwe akufufutitsa chidindo cha pathupi ndi makina a laser. Cholinga chawo n'chakuti dokotala asamangodalira maso ake okha pofuna kudziwa kuchuluka kwa inki yomwe yatsala m'khungu, kuya kwake, komanso mphamvu yomwe khungulo lingapirire osapsa.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu akhungu lakuda, kaamba koti utoto wachilengedwe wa khungu lawo umameza kuwala komwe kumayenera kukafika pa inki. Dokotala akalakwitsa muyeso, chidindo chikhoza kuchoka koma n'kusiya banga loyera kapena chipsera chomwe munthu angakhale nacho moyo wake wonse.

Zidindozi, zomwe achinyamata amangoti tatu, zafala kwambiri padziko lonse. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa m'chaka cha 2023 adapeza kuti anthu akuluakulu 32 mwa 100 aliwonse ku America ali ndi chidindo, ndipo mwa anthu odindawo, 24 mwa 100 aliwonse amanong'oneza bondo ndi chimodzi kapena zingapo mwa zidindo zawo. Ena amafuna kufufuta dzina la munthu yemwe adasiyana naye, pomwe ena amakakamizika chifukwa cha malamulo a kuntchito.

Chomwe chimasunga inki m'khungu

Khungu la munthu lili ndi magawo awiri akuluakulu. Gawo lapamwamba n'lopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita m'malo ambiri a thupi, ndipo limafundula n'kumera lina mosalekeza. Pansi pake pali khungu lamkati, momwe muli timitsempha ta magazi ndi mizu ya ubweya. Singano ya wodinda imasiya inki m'khungu lamkatili, pakuya kwa mamilimita 1 mpaka 2, n'chifukwa chake chidindo sichichoka ndi sopo ngakhale khungu lapamwamba lisinthe kangati.

Inki ikangolowa, asilikali a m'thupi otchedwa macrophage amathamangirapo n'kumeza tizidutswa take monga momwe amachitira ndi tizilombo toyambitsa matenda. Koma tizidutswato n'tolimba moti maselowa amalephera kutigaya, ndipo amangokhala nato pamalo pomwepo.

M'chaka cha 2018, akatswiri a pa Centre d'Immunologie de Marseille-Luminy ku France adadinda michira ya mbewa ndi inki yobiriwira, kenaka n'kupha maselo omwe adameza inkiyo. Chidindo sichidasinthe. Iwo adapeza kuti selo yosunga inki ikafa, inkiyo imatayikira pomwepo ndipo selo yatsopano imadzaimezanso. Choncho kuti chidindo chifufutike, tizidutswa ta inki tiyenera kuphwanyidwa kuti tichepe mokwanira kukokoloka ndi madzi a m'thupi.

Momwe makina a laser amaphwanyira inki

Makina oyamba a laser adapangidwa ndi Theodore Maiman m'chaka cha 1960 ku Hughes Research Laboratories ku California, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1960 dokotala wa khungu Leon Goldman wa ku Cincinnati adayamba kuwayesa pa zidindo. Koma maziko a ntchito yomwe ikuchitika masiku ano adayalidwa m'chaka cha 1983 ndi Rox Anderson ndi John Parrish a pa chipatala cha Massachusetts General Hospital ku Boston. Awiriwa adafotokoza kuti n'zotheka kuwotcha kanthu kakang'ono mkati mwa khungu popanda kupsereza mnofu wozungulira, malinga ngati mtundu wa kuwala wasankhidwa bwino ndipo kuwalako kwang'anima mwachangu kwambiri moti kutentha sikupeza mpata wofalikira.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu uliwonse wa mu utawaleza uli ndi utali wakewake wa funde womwe amauyeza m'mananomita. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa m'magawo 1 miliyoni. Diso la munthu limaona kuwala kwa mananomita 400 mpaka 700 basi.

Inki iliyonse ili ndi kuwala komwe imameza bwino. Yofiira imameza kuwala kobiriwira kwa mananomita 532. Yobiriwira ndi yabuluu zimafuna makina a ruby a mananomita 694 kapena a alexandrite a mananomita 755. Yakuda imameza pafupifupi kuwala kwa mtundu uliwonse, kuphatikizapo kwa makina a Nd:YAG kwa mananomita 1064, komwe sikuoneka ndi maso. Yachikasu ndi yoyera ndi zomwe zimavuta kwambiri kuchotsa.

Makina omwe adafala m'zaka za m'ma 1990 amang'anima kwa kanthawi koyezedwa m'magawo a sekondi yogawidwa ka 1 biliyoni. M'chaka cha 2012 bungwe loona za mankhwala ndi zakudya ku America la FDA lidavomereza makina a PicoSure, omwe amang'anima mwachangu kuposa pamenepo. Kadutswa ka inki kakalandira mphamvu yotereyi kamatentha mwadzidzidzi n'kusweka, monga momwe mwala waukulu umaphwanyidwira kukhala kwale. Tizidutswa tina timakokoloka n'kukaunjikana m'tiziwalo tija timatupa munthu akachita mwanabere. Kukokolokaku kumatenga nthawi, n'chifukwa chake odwala amadikira masabata 6 mpaka 8 asanabwererenso, ndipo chidindo chodindidwa ndi katswiri chimafuna maulendo 6 mpaka 10, nthawi zina kuposa apo.

Malire a kupima ndi maso

Kwa zaka zambiri, njira yodziwira ngati chidindo chikufufutika yakhala ya kujambula zithunzi. Madokotala amayerekeza chithunzi cha poyamba ndi cha pambuyo, n'kuweruza ngati inki yachoka theka kapena kuposa. Vuto lake n'lakuti chithunzi chimasintha malinga ndi nyali ya m'chipinda, mtundu wa kamera ndi mbali yomwe wojambula waima, moti madokotala awiri akhoza kuona chithunzi chimodzi n'kugamula mosiyana.

M'chaka cha 2009 madokotala William Kirby ndi Alpesh Desai a ku America adatulutsa ndondomeko yolosera chiwerengero cha maulendo omwe munthu angafunike. Ndondomekoyi imaona zinthu 6: mtundu wa khungu, malo omwe chidindo chili, mtundu wa inki, kuchuluka kwake, zipsera, komanso ngati chidindo china chidadindidwa pamwamba pa chinzake. Imathandiza pokambirana za mtengo ndi nthawi, komabe zonse zomwe imawerengera zimachokera pa zomwe diso laona kunja.

Pali mafunso anayi omwe diso silingayankhe bwino. Kodi m'inkimo muli mankhwala anji? Kodi yatsala yochuluka bwanji? Kodi yakhala pakuya kotani? Nanga khungu lapamwamba lili ndi utoto wachilengedwe wochuluka motani lero, poyerekeza ndi ulendo watha? Kale, yankho lotsimikizika limapezeka podula kanyama n'kukapima ku labotale, zomwe sizingachitike ulendo uliwonse pa munthu yemwe akuthawa chipsera. Apa ndi pomwe zipangizo zopimira ndi kuwala zikulowerapo, poti zimapima popanda kucheka.

Kupima ntchito isanayambe

Chipangizo chosavuta komanso chofala kwambiri ndi dermatoscope, kagalasi kokulitsa zinthu pafupifupi ka 10, kokhala ndi nyali yake yomwe imachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa khungu. Dokotala amakagwiritsa ntchito pofufuza timadontho takuda tobadwa nato tomwe tabisala mkati mwa chidindo.

Kufunika kwake kudaoneka m'lipoti lomwe madokotala a ku Karlsruhe m'dziko la Germany adasindikiza m'chaka cha 2013 m'magazini ya JAMA Dermatology. Mwamuna wina wa zaka 29 adali ndi chidindo chachikulu chomwe chidaphimba kadontho kakuda. Madokotala adamulangiza kuti kadonthoko kachotsedwe kaye, iye adakana. Atalandira chithandizo cha laser maulendo 47 adavomera, ndipo atakapima adapeza kuti ndi khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Malangizo omwe adatuluka pa nkhaniyi ndi akuti kadontho kotere kasawombedwe ndi laser kasanapimidwe, poti inki komanso kuwalako zimasokoneza zizindikiro zomwe dokotala amadziwira khansa.

Njira ina imathandiza kudziwa mankhwala omwe ali m'inki. Imatchedwa ndi dzina la C.V. Raman wa ku India, yemwe m'chaka cha 1928 adatulukira kuti kuwala kukagunda chinthu, kagawo kochepa kamabwerera katasintha utali wa funde malinga ndi mankhwala omwe apanga chinthucho. Iye adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1930. Kusinthaku kuli ngati chidindo cha chala, mankhwala aliwonse ali ndi chawochawo, motero chipangizo cha Raman chimatha kusiyanitsa inki ziwiri zomwe diso likuziona zofanana.

Kudziwiratu zimenezi n'kofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, m'chaka cha 1993 Anderson ndi anzake adalemba za anthu angapo omwe zidindo zawo zodzikongoletsera, zoyera, zofiirira kapena zofanana ndi khungu, zidasanduka zakuda zitangowombedwa. Izi zimachitika kawirikawiri pa inki yokhala ndi iron oxide kapena titanium dioxide, yomwe imagwiritsidwa ntchito pojambula nsidze ndi milomo. Chachiwiri, inki ikasweka imatha kutulutsa mankhwala ena. M'chaka cha 2015 akatswiri a bungwe la boma la Germany lounika ziopsezo pa umoyo, la BfR, adaonetsa m'labotale kuti utoto wabuluu wa phthalocyanine ukawombedwa ndi makina a ruby umatulutsa poizoni wa hydrogen cyanide. M'chaka cha 2017 akatswiri a bungwe lomweli, mogwirizana ndi a pa malo ofufuzira a ESRF ku Grenoble, adatsimikiza kuti tizidutswa ta inki timayenda m'thupi n'kukakhazikika m'tiziwalo ta mwanabere tija.

Kuyeza kuchuluka kwa inki

Pofuna kusandutsa mtundu kukhala nambala, madokotala amagwiritsa ntchito chipangizo chokhala ngati tochi yaing'ono chomwe amachikhazika pakhungu. Chimaunika ndi nyali yakeyake yosasinthasintha, n'kuwerenga kuwala komwe kwabwerera. Muyeso womwe umatsatidwa kwambiri ndi wa CIELAB wa m'chaka cha 1976, momwe kuda kwenikweni ndi 0 ndipo kuyera kwenikweni ndi 100. Dokotala akayeza pa chidindo komanso pakhungu labwino la pambali pake, kusiyana kwa manambala awiriwo kumasonyeza ntchito yomwe yatsala. Kusiyanako kukaleka kutsika kwa maulendo angapo, ndiye kuti makinawo kapena muyeso wake wafika pomalekezera, ndipo kupitiriza n'kungowonongetsa ndalama ndi khungu la wodwala.

Chipangizo china chimapita patsogolo pogawa kuwala kobwererako m'mitundu yake yonse, monga momwe madontho a mvula amagawira kuwala kwa dzuwa kukhala utawaleza. Njirayi imatchedwa diffuse reflectance spectroscopy. Magazi, utoto wachilengedwe wa khungu wotchedwa melanin, ndi inki, chilichonse chimameza kuwala mwanjira yakeyake. Magazi amameza kwambiri kuwala kwabuluu, kobiriwira ndi kwachikasu. Utoto wa melanin umameza kwambiri mafunde aafupi ndipo umanka nuchepa mphamvu mafunde akamatalika. Kompyuta ikawerenga zomwe zasowa pa kuwala kobwerera, imasiyanitsa kuda kwa inki ndi kuda komwe kwabwera chifukwa khungu lidavulala pa ulendo wapitawo. Kwa diso, kuda kuwiriku kumafanana, ndipo dokotala wosadziwa akhoza kuwonjezera mphamvu pamalo pomwe pakufunika kupuma.

Kuyeza kuya kwa inki

Ntchito yaikulu pa nkhani ya kuya yachitika ku Ljubljana m'dziko la Slovenia, pa Jožef Stefan Institute, motsogozedwa ndi katswiri Boris Majaron. Gulu lake limagwiritsa ntchito njira yotchedwa pulsed photothermal radiometry. Amawalitsa pakhungu kuwala kofooka komwe kumangotenthetsa inki pang'ono osaiphwanya, kenaka kamera yoona kutentha imajambula zithunzi zambirimbiri pa sekondi imodzi. Kutentha kochokera pafupi ndi pamwamba kumafika msanga, pomwe kochokera pansi kumachedwa. Kuchedwako ndi komwe kumaulula kuya kwa inki.

M'chaka cha 2023 gululi lidasindikiza m'magazini ya Lasers in Surgery and Medicine zotsatira za kafukufuku wa pa anthu odzipereka, momwe lidaphatikiza njirayi ndi ya kugawa kuwala ija. Zomwe zipangizo ziwirizi zawerenga amaziyerekeza ndi khungu lopangidwa pa kompyuta, n'kumasintha manambala mpaka ziwirizo zitagwirizana. Mwanjira imeneyi amapeza kuchuluka kwa inki, kuya kwake, komanso kuchuluka kwa magazi ndi melanin pamalo amodzimodzi, chithandizo chisanachitike ndi pambuyo pake.

Kudziwa kuya kumathandiza posankha muyeso. Inki yomwe ili pamwamba ndi yomwe imalandira kuwala kochuluka, pomwe ya pansi imatetezedwa ndi inzakeyo. Kuti kuwala kulowe mozama, dokotala amasankha funde lalitali komanso amakulitsa dera lomwe kuwalako kukugwera. Popanda muyeso wa kuya, kusinthaku kumachitika mongoyerekeza.

Palinso njira zomwe zimatulutsa chithunzi cha mkati mwa khungu. Imodzi ndi ya OCT, yomwe idalengezedwa m'chaka cha 1991 ndi gulu la James Fujimoto la pa Massachusetts Institute of Technology, ndipo lero imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala za maso. Imagwira ntchito ngati sikani ya amayi oyembekezera, kungoti m'malo mwa mawu imatumiza kuwala. Imaona mpaka mamilimita 1 kapena 2 mkati mwa khungu, omwe ndi malo enieni omwe inki imakhala. Madokotala a ku Denmark adaonetsa m'chaka cha 2007 kuti chidindo chimaoneka pa chithunzi cha OCT ngati mithunzi yakuda m'khungu lamkati. Chipangizochi chimaonetsanso kukhuthala kwa khungu, kutupa ndi kuyambika kwa chipsera.

Maikulosikopu ya confocal imaona selo imodziimodzi pa munthu wamoyo, koma siipitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita, motero imathandiza kwambiri pounika khungu lapamwamba ndi timadontho tokayikitsa kusiyana ndi inki yozama. Njira yomwe imalowa mozama kuposa zonsezi ndi ya photoacoustic, yochokera pa zomwe Alexander Graham Bell adatulukira m'chaka cha 1880, zoti chinthu chikameza kuwala kothimathima chimatulutsa mawu. Inki ikameza kuwala imafufuma pang'ono n'kutulutsa kugunda komwe chipangizo chimamva, ndipo kompyuta imajambula malo omwe kugundako kwachokera.

Kupima ntchito ili mkati

Laser ikawomba pa chidindo pamamveka kuthetheka, ndipo malowo amayera nthawi yomweyo ngati pawazidwa ufa. Kuyeraku kumadza chifukwa cha tithovu ta mpweya tomwe timapangika m'khungu inki ikatentha, ndipo madokotala akhala akukutenga ngati chizindikiro chakuti mphamvu yakwana. Kukapanda kuoneka ndiye kuti mphamvu yachepa, koma pakatuluka magazi kapena khungu likang'ambika ndiye kuti yapyola.

Akatswiri a pa yunivesite ya Ljubljana adasindikiza m'chaka cha 2012 njira yoyezera kuthethekaku. Iwo adadutsitsa kamzere ka kuwala kofooka mumpweya pamwamba pa khungu. Inki ikasweka, kugunda kwake kumakankha mpweya n'kupatutsa kamzereko pang'ono, ndipo kukula kwa kupatukako kumasonyeza ngati kuwala kwapeza inki yokwanira kapena ayi. Ubwino wake n'ngwakuti yankho limabwera pa kung'anima kulikonse, osadikira masabata.

Tithovu tija tili ndi vuto lake. Timamwaza kuwala, moti kuwomba kachiwiri pamalo poyera sikufika pa inki. Timatha patadutsa mphindi pafupifupi 20. Potengera zimenezi, madokotala a ku Greece motsogozedwa ndi Theodora Kossida adayesa m'chaka cha 2012 kuwomba kanayi pa tsiku limodzi, akumadikira mphindi 20 pakati. Adagawa pawiri zidindo 18 za anthu 12, ndipo mbali yomwe idawombedwa kanayi idafufutika kwambiri kuposa yomwe idawombedwa kamodzi. Pambuyo pake kudabwera kansalu konyowetsedwa ndi mankhwala a perfluorodecalin, komwe kamachotsa kuyerako m'masekondi ochepa. Njira zonsezi zimadalira kudziwa nthawi yomwe khungu layambanso kulola kuwala kudutsa, chinthu chomwe chipangizo choyeza kuwala kobwerera chimaona bwino kuposa diso.

Khungu lakuda

Madokotala amagawa khungu la anthu m'magulu 6 potsatira ndondomeko yomwe Thomas Fitzpatrick wa pa yunivesite ya Harvard adayambitsa m'chaka cha 1975. Ndondomekoyi idayamba ndi magulu anayi a anthu akhungu loyera, ndipo magulu a khungu loderapo ndi lakuda adadzawonjezeredwa pambuyo pake. Anthu ambiri a kuno ku Africa amagwera m'magulu awiri omaliza, ngakhale kuti khungu lawo limasiyana kwambiri wina ndi mnzake, ngakhalenso pa thupi la munthu mmodzi, pakati pa nkhope, mkono ndi msana.

Utoto wa melanin uli m'khungu lapamwamba, kutanthauza kuti kuwala kuyenera kudutsa mmenemo kusanafike pa inki. Makina a mananomita 532, 694 ndi 755 amamezedwa kwambiri ndi utotowu, motero amatha kuyambitsa matuza, mabanga oyera kapena mabanga akuda kwambiri. Ichi n'chifukwa chake madokotala amasankha makina a mananomita 1064 pakhungu lakuda, ndipo amayamba ayesa kadera kakang'ono n'kudikira masabata angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiopsezo china n'chakuti zipsera zotupa, zomwe zimapitiriza kukula bala litapola, zimapezeka kawirikawiri mwa anthu akuda kusiyana ndi azungu.

Apa ndi pomwe kuyeza melanin ndi chipangizo kuli ndi phindu lalikulu, poti kumapereka nambala ya malo enieni omwe akufuna kuwomba, pa tsiku lenilenilo. Komabe utoto womwewo umasokonezanso zipangizo zopimira, chifukwa umameza kuwala popita ndi pobwerera, ndipo komwe kwatsala kuti chipangizo chiwerenge kumakhala kochepa.

Phunziro pa nkhaniyi lidachokera ku kachipangizo kena kodziwika bwino m'zipatala, kopanira pa chala poyeza mpweya wa okosijeni m'magazi, komwe nakonso kamagwiritsa ntchito kuwala. M'chaka cha 2020 madokotala a pa yunivesite ya Michigan adalemba m'magazini ya New England Journal of Medicine kuti kachipangizoka kamalephera kuzindikira kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Chipangizo chopimira ndi kuwala chomwe chidayesedwa pa azungu okha sichiyenera kukhulupiriridwa pakhungu lakuda chisanayesedwenso.

Mfundo zomwezi zimagwiranso pa mphini. Zotemedwa ndi lumo n'kupakidwa mankhwala ootcha kapena mwaye zimasiya utoto wa makala m'khungu, womwe umameza bwino kuwala kwa mananomita 1064. Koma dzanja la munthu silitema mofanana, choncho utoto wina umakhala pamwamba, wina pansi. Kuwonjezera apo, laser imaphwanya utoto wokha, chipsera cha lumo chimatsala.

Zomwe adindo ayenera kudziwa

Mwa zipangizo zonsezi, dermatoscope, kamera yojambula mwa muyeso umodzi ndi choyezera mtundu wa khungu ndi zomwe zili zotsikirapo mtengo komanso zosavuta kuphunzira. Za OCT ndi confocal n'zodula ndipo zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu, pomwe zoyeza kutentha ndi kugunda kwa inki zikadali kwenikweni m'manja mwa ofufuza. Palibe chimodzi mwa izo chomwe chimalowa m'malo mwa dokotala wophunzitsidwa bwino. Ntchito yake n'kumupatsa manambala oti asankhire muyeso, komanso umboni wolembedwa womwe ungaunikidwe wodwala akadandaula.

Maiko ena aika kale malamulo okhwima. Ku Germany, kuyambira pa 31 Disembala 2020, ntchito yofufuta zidindo ndi laser idaikidwa m'manja mwa madokotala ovomerezeka, pofuna kuteteza anthu ku ngozi monga kupsa ndi kuphonya khansa yobisala. Bungwe la European Union nalo lidakhwimitsa malamulo a mankhwala oposa 4,000 m'inki zodindira kuyambira pa 4 Januwale 2022, ndipo utoto wina wabuluu ndi wobiriwira udatsatira patatha chaka chimodzi. Makina ofufutira zidindo ali m'gulu lachinayi, lomwe ndi loopsa kwambiri pa muyeso wa dziko lonse wa makina a laser. Kuwala kwake kukhoza kuchititsa khungu ngakhale kutangonyezimira pa chitsulo, n'chifukwa chake wodwala ndi onse ali m'chipindamo amavala magalasi ogwirizana ndi utali wa funde la makinawo.

M'dziko muno, bungwe lomwe limalembetsa ndi kuyang'anira madokotala ndi Medical Council of Malawi, pomwe Malawi Bureau of Standards imaona za miyeso ya katundu. Kwa adindo a m'mabungwe otere, komanso ogula zipangizo za m'zipatala, mafunso ofunika kufunsa wogulitsa kapena wopempha chiphaso ndi omveka. Kodi makinawa amatulutsa kuwala kwa mananomita angati? Kodi adayesedwa pa anthu angati akhungu lakuda, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa kuti? Ndani adzawagwiritse ntchito ndipo adaphunzira kuti? Kodi mphamvu yake idzayezedwa kangati pa chaka, ndipo adzayeza ndani?

Kaundula wa wodwala aliyense ayeneranso kusonyeza mtundu wa khungu, zomwe zidapezeka pounika timadontho, muyeso womwe udagwiritsidwa ntchito, zithunzi zojambulidwa pa kuwala kofanana ndi manambala a ulendo uliwonse. Malo omwe akulonjeza kufufuta chidindo chilichonse ulendo umodzi, popanda kuyesa kadera kakang'ono kapena kulemba kalikonse, akulonjeza zomwe sayansi ya khungu sikugwirizana nazo.